Matumba Asanu a Nandolo Wosadyeka

Chaka chimene nandolo anasowa womugula, mwana wanga anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi inayi, akuyamwabe, akuyenda chogwira zipupa. Chilichonse cha chaka chimenecho ndimachikumbukira iye ali kumsana kwanga kapena pamiyendo panga, ine maso ali pa iye.

Kwathu ndi kwa Kasisi, koma ndinakwatiwa kwa Malemia, m'mudzi wa m'munsi mwa mapiri, m'banja la anthu olankhula Chisena amene anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika konkuno. Anandilowola, ndiye wosamuka ndinali ine. Pakhomo tinalipo anayi: ine, mwamuna wanga, amayi ake, ndi mwanayo. Minda inali iwiri ngati ya wina aliyense, wa kumphala wodalira mvula, ndi dimba la kumadambo a Shire lolima madzi akaphwa. Kumphala tinkadzala mapira ndi mchewere, thonje pang'ono, nandolo m'malire mokha, wa ndiwo basi.

Chaka cham'mbuyo mwake nandolo anali atapenga. Mavenda ankakwera mpaka m'midzi ya m'mapiri kulimbirana ngakhale beseni limodzi, ndipo amene anaugwira mtima osagulitsa msanga, n'kudikira mpaka kutentha kwa Okutobala, ndiwo anaseka. Banja loyandikana nafe linali litadzala munda wonse, linafolera nyumba ndi malata. Masana malatawo ankawala mpaka pakhonde pathu, ndipo apongozi anga sanawakhululukire.

"Taona anzako," ankatero kwa mwana wawo, fodya ali m'mphuno. "Iwe udzandiika m'manda ndikununkha udzu wowola. Mapira, mapira, chaka ndi chaka mapira. Kodi ndinabereka mpheta?"

Mvula itagwa tinadzala nandolo kumphala konse. Mapira tinasiya kachigawo kakang'ono kumapeto, thonje sitinadzale n'komwe. Ndinafunsa kamodzi kokha kuti nanga tidzadya chiyani. Mwamuna wanga anati, "Iwe make mwana, thumba limodzi la nandolo likugula matumba atatu a chimanga. Ndikuwerengere ndi miyala?" Ndinali mtengwa watsopano pamudzipo, komanso dimba linalipo, ndinati chimanga cha kudimba chidzatigwira.

Nandolo anabereka, sindinganame. Mu Ogasiti tinathyola, kuyanika, kupuntha, kupeta mpaka mikono kuwawa, anakwana matumba asanu odzaza movuta kusoka, ndi beseni limodzi lapadera. Venda wa kwathu anali bambo wina wa ku boma, wamfupi, wosekaseka, amene ankakoleka sikelo yake pa nthambi ya nimu pamphambano. Anali ndi mafoni awiri, kakang'ono kolankhulira ndi anthu ngati ife, ndi yaikulu imene ikalira ankaimirira n'kuvula chipewa ngati bwanayo akumuona. Mtengo umene anatchula mwezi umenewo unali wotsikirapo poyerekeza ndi wa chaka chatha, koma sunali woipa. Ena anagulitsa. Mwamuna wanga anati amenewo ndi apupuluma, ife tidikira Okutobala.

Koma kusunga nandolo kuno kuchigwa ndi nkhondo. Ndi kutentha kwathuku anankafumbwe sachedwa, masabata atatu thumba layamba kulira m'kati, ukaika khutu umawamva akutafuna. Mankhwala aufa osungira mbewu ndi ogula, ndipo nthawi imeneyo m'nyumba munalibe kanthu. Chimene chinalimo ndi botolo la mankhwala opopera thonje otsala chaka chatha, lotsomekedwa kudenga, ndi mpope wake wobereka kumsana. Si ife tinayambitsa zimenezi. Alimi a thonje angapo m'mudzimo ankachita, ankauzana pa bawo kuti mbewu yogulitsa ukaipopera amenewa ngakhale nyerere siyandikira.

Tsiku lake ndikulikumbukira lonse. Dzuwa lili pamutu tinayala masaka ong'amba pabwalo n'kukhuthulapo nandolo yense. Mwamuna wanga anathira mankhwalawo m'madzi, madzi anayera ngati mkaka, fungo lake ngati la palafini wosakaniza ndi chinthu chowola. Ndinati, "Inu, izi si zodya anthu?"

"Adya ndani? Iweyo?" anatero akupopa. "Uyu ndi wogulitsa. Akupita ku India uyu, pa sitima, miyezi. Kumeneko amamusenda khungu ndi makina. Pofika m'mbale ya munthu fungo lathera panyanja."

"Nkhabe, si wathu uyu," anavomereza apongozi ali pamthunzi, nkhabe ndiye ayi wa Chisena chawo. "Uyu ndi wa malata."

Ndinanyamula beseni lapadera lija n'kukalibisa kukhitchini, la ndiwo. Kenako ndinabwerera, mwana ali kumsana, n'kumatembenuza nandoloyo ndi kathabwa iye akupopera, kuti mankhwala afike paliponse. Ndikunena zimenezi chifukwa pambuyo pake ndinkafuna kuda mwamuna wanga yekha, koma manja anga analipo. Anapopera kawiri, kuti zigwire. Atauma tinasoka matumba n'kuwasanja kuchipinda, pamwamba pa miyala, pafupi ndi mphasa yathu.

Sipanathe masabata awiri. Ndinali pamphambano paja kukagula mchere, azimayi ali pamzere ndi mabeseni awo, venda akuseka nawo, kathumba ka mayi wina kali kale pa mbedza ya sikelo. Foni yaikulu inalira. Anaimirira, kuvula chipewa, kutembenukira kumsewu. Ine ndimayang'ana anthu, ndi chibadwa changa, ndiye ndinaona khosi lake kumbuyoku likuuma. Sanalankhule zambiri. "Ee bwana. Ee bwana. Onse? Ee bwana." Atatembenuka anatsitsa kathumba ka mayi uja osayang'ana n'komwe pamene muvi waima, anamasula sikelo pa nthambi n'kuikulunga m'chiguduli.

"Achimwene, nanga bwanji?" anafunsa mayiyo.

"Lero basi."

"Basi chiyani dzuwa lili apa?"

"Akuti India watseka."

"Watseka chiyani, golosale?" Mzere wonse unaseka. "Muimbireni atsegule, ife tatsika kuphiri ndi katundu pamutu!"

"Mumupatse moni kuti alamu ake afika," anawonjezera wina.

Iye sanaseke, munthu woti ankaseka ngakhale pa maliro. Anamanga sikelo pa njinga yamoto n'kumapita, azimayi akuyang'anizana ndi mabeseni pansi.

Wayilesi inanena patapita masiku, kuti alimi a ku India akolola nandolo wambiri ndipo boma lawo lachepetsa wolowa kuchokera kunja. Pa bawo amuna anakangana masabata, ena ati boma lathu lilankhula nawo, ena ati ndi bodza la mavenda lofuna kutibera. Kenako kunamveka kuchokera kwa achibale olondera nyumba zosungiramo katundu ku Limbe kuti makampani akuluakulu anali atatulutsa kale nandolo wawo, malole kutsatizana kupita kudoko la Beira, ife tikadali kupeta. Kaya ndi zoona kaya ayi, ine sindinaone. Chimene ndinaona n'chakuti venda atabweranso, mtengo umene anatchula unali woti beseni lodzaza silikanagula sopo ndi mchere pamodzi. Mwamuna wanga anati ndi bwino nandoloyo awolere m'nyumba. Koma wathu sakanawola.

Okutobala anafika n'kudutsa, mtengo uli pansi. Kudimba nako kunabwera mbozi zija zolowa m'mutu mwa chimanga, tinkazitola ndi manja m'mawa uliwonse, tinkathira phulusa ndi dothi, osathandiza. Chimene tinakolola, pamodzi ndi mapira a kachigawo kaja, chinatifikitsa mu Novembala. Beseni la ndiwo linatha mwezi womwewo. Mvula yoyamba itagwa tinadzala, ndipo mwamuna wanga ananyamuka kupita ku Nchalo kukafuna ganyu m'minda ya nzimbe. Atakwera kale njinga anabwereranso pakhomo kudzandiuza kuti, "Matumbawo osawakhudza. Mtengo ubwerera, ndamva. Wandimva?" Ndinati ndamva.

Kuyambira pamenepo tinkadya nyika. Amene simunazidye, ndi timizu ta maluwa a m'madambo, takuda kunja, towawira, tokumba ndi zala za kumapazi uli m'madzi ofika pachifuwa, maso uku ndi uku kuopa ng'ona. Tinkapita mosinthana ndi apongozi, wina kutsala ndi mwana. Wamkulu amameza n'kupirira. Mwana wanga ankalavula, tikamukakamiza m'mimba mumatseguka. Nane mkaka unayamba kuchepa, ankayamwa n'kusiya, n'kundiyang'ana, n'kuyamwanso, kenako kulira kwake kunasintha, kunakhala kochepa ngati kwa mwana wa mbuzi ali kutali. Anasiya kugwira zipupa. Ankangokhala pamene ndamukhazika.

Mu Januwale ndinapita naye kusikelo ya ana, imene kwathu imachitikira pansi pa mitengo ya patchalitchi kamodzi pamwezi. Mlangizi wa zaumoyo, mayi wonenepa wolankhula mokweza, anamukulunga pamkono kalamba kaja ka mitundu itatu, kobiriwira kwa mwana wabwino, kachikasu kwa amene wayamba kutsika, kofiira kwa amene wafika poipa. Ndinaona ndekha asananene. Chikasu, koma kufiira kuli pafupi, mpata wake ngati chikhadabo changa. Chiponde cha kuchipatala amapatsa ofiira okha, ndipo ufa wa phala wa ana achikasu unali usanafike mwezi umenewo.

"Mayi, mwanayu akufuna zomanga thupi," anatero. "Kazingani nandolo, sinjani, muzithira m'phala lake. Chaka chino musandinamize kuti mulibe nandolo, aliyense akutsamira nandolo. Muli ndi matumba angati?"

"Asanu."

"Asanu! Azimayi, tamvani kuno! Mwana akuonda atakhalira chakudya!"

Anthu anaseka, sanaseke moipa, koma ine khutu linalira. Ndikanawauza. Koma ndinaopa, ndinkaganiza kuti mwina ndi mlandu wa kupolisi, mwina adzati ndine mayi wopusa woika chiphe m'chipinda chogona mwana. Ndinangoti zikomo, n'kumubereka, n'kumapita.

Mudzi wonse unkadyadi nandolo, m'mawa ndi madzulo, wofumbwa, wa mabowo, koma wodyeka. Ndinapempha kwa oyandikana nafe aja kawiri, anandipatsa. Kachitatu mayi wa pamenepo anati, "Koma inu, a matumba asanu, mukusungira ndani?" Mwa amene anapopera ngati ife, banja lina linkadya n'kumati palibe chimene chikuwachitikira. Kwina kunamveka kuti mbuzi inadya wotayika pabwalo n'kufa ikutuluka thovu. Ndinkamvetsera zonsezi, kufunsa mozungulira ngati ndikufunsira wina, anapopera kangati, anathira zivindikiro zingati, papita miyezi ingati, ndipo aliyense ankayankha zake.

Tsiku lina m'mawa ndinamasula ulusi pakona ya thumba limodzi n'kutapa kapu ziwiri. Nandolo wosalala, wonyezimira, wopanda bowo ngakhale limodzi. Ndinatsuka madzi atatu, kunyika, kufikisa m'manja mpaka makungu kuchoka, kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso. Ndinanunkhiza nthunzi, sindinadziwe, pakuti miyezi isanu ndinali ndikugona m'fungo limenelo ndipo mphuno zanga zinkalimva ngakhale m'madzi akumwa.

"Patsa nkhuku iyambe," anatero apongozi. Tinali titatsala ndi thadzi limodzi. Linajompha, linajompha, n'kupita kukasamba fumbi. Tinaliyang'ana mpaka dzuwa kukwera.

"Waona? Ikuyenda ngati mkazi wa abusa."

"Amayi, nkhuku si mwana."

"Ndiye bweretsa kuno. Nkhuku yokalamba ndi ino."

Ndinawaletsa, sanamve. Anathira mchere, anadya mbale yonse ndi zala, ananyambita, anati, "Takhuta. Ndikafa uuze mwana wanga malata aike pamanda." Anaseka okha. Wotsala mumphika ndinaika m'kambale kena.

Dzuwa litapendeka pang'ono, kambale kaja kali m'manja mwanga, ndinawamva akubuula kuseri kwa nyumba. Ndinaika kambale kaja pansi, kuthamangira komweko, ndinawapeza atagona chammbali, thukuta, akulavula malovu ambiri, akuti mutu ukung'ambika. Ndinawamwetsa madzi, iwo akuti si kanthu, ndi dzuwa, ndi mimba yodabwa chakudya itazolowera nyika. Mwina zinalidi choncho. Ndinawakokera pamthunzi, n'kubwerera kubwalo, ndipo mwana wanga, mwana amene masabata awiri sanasunthe pamene ndamukhazika, anali atakwawa mpaka pa kambale kaja, dzanja lili m'katimo, kukamwa konse kuli nandolo.

Sindikudziwa ngati ndinakuwa. Ndinamugwira, chala m'kamwa, kukolowola, anandiluma, ndinakolowolabe, kumuzondotsa, kumumenya kumsana, zina zinatuluka zina anali atameza. Ndinamuponya kumsana osamanga bwino nsalu n'kuyamba kuthamanga njira ya kuchipatala, koma kuchipatala ndi kutali ndipo miyendo yanga inali ya munthu wodya nyika, ndinathera pansi pa mtengo wa masau pakati panjira. Pamenepo ndinamutsitsa n'kuyamba kumuyang'ana. Maso. Malovu. Kapumidwe. Manja ngati akunjenjemera. Anagona, ndinamudzutsa. Anagonanso, ndinamudzutsanso, analira, ndinakondwa kuti walira. Pofika madzulo anatsegula m'mimba, koma sabata yonseyo ankatsegula, ndiye ndidziwe bwanji?

Apongozi anadzuka m'mawa mwake n'kupita kumadambo ngati palibe chinachitika. Mwana sanadwale kuposa mmene analili. Koma chimene chinandithyola mtima ndi ichi: atangoona kambale kaja, kotsuka, kopanda kanthu, anatambasula manja n'kuyamba kulira akukaloza. Anali atakonda. Masiku atatu otsatira ndinkaima pa matumba aja, kumasula ulusi, kumanganso. Ndikamupatsa mwina ndimupha pang'onopang'ono, ndikapanda kumupatsa kalamba kafika pofiira ndikuyang'ana. Ndinkayeza mkono wake ndi zala zanga ziwiri, chachikulu ndi cholozera, zinkakumana n'kupitirira.

Tsiku lachinayi venda anatulukira. Sanakoleke sikelo pamphambano, ankayenda khomo ndi khomo pa njinga yamoto, kumbuyo atamanga mtolo wa masaka atsopano, ndipo ngolo ya ng'ombe inkamutsatira. Anaima pabwalo pathu, kuseka kwake kutabwerera.

"Odi agogo! Mukadali moyo? Ndinamva kuti nyika zakukanani."

"Ndidzafa ndikadya pa maliro ako," anayankha apongozi. Kenako anatsinzina diso limodzi kuyang'ana masakawo. Kuwerenga sadziwa, koma zilembo zina amazizindikira kuyambira ali mtsikana. "Ichi ndi Chipwitikizi."

"Maso mukadali nawo. Ee, ndi a kutsidya. India sanatseke zitseko zonse, cha Mozambiki anachisiya, akuluakulu awo anagwirizana kalekale. Ndiye nandolo wanu akavala thumba ili n'kuwoloka Shire pa bwato, basi, wasanduka wa kwanu kuja. Akubwerera kumudzi, agogo, kumene inu munakana kubwerera."

"Ndiye kuti mtengo wakwera," anatero apongozi, atadzuka.

"Wakwera kwa amene ali ndi pepala lolowetsera katundu ku India. Inu muli nalo? Ine ndilibe. Bwana wanga wa ku Limbe alibe. Mapepala ali ndi anthu owerengeka, ku Beira ndi kwina kutali, bwana wanga sanawaonepo nkhope, naye amavula chipewa pa foni ngati ine. Iwo akati lero tigula motere, ndi momwemo, kuyambira kuno mpaka kumapiri a ku Mwanza. Tiyeni ndione katundu."

Ndinamulowetsa kuchipinda. Anabaya thumba ndi kachitsulo kake kamphako, nandolo anatsikira m'dzanja lake, anapita naye pakhomo powala. Anaimba mluzu.

"Mudzi wonse ndapeza ufa wokhawokha. Uyu ndiye nandolo! Munasunga bwanji, mayi?" Anayandikitsa dzanja kumphuno. Anandiyang'ana.

Sindinadikire kuti afunsenso. "Tinapopera mankhwala a thonje. Kawiri."

Apongozi ananditsina pantchafu mpaka ndinadumpha. Venda anabwezera nandoloyo pamwamba pa thumba, anapukuta dzanja pa thalauza, kawiri, katatu.

"Inu simunanene kanthu, ine sindinamve kanthu," anatero motsitsa mawu. "Akalowa mu mulu wa matumba mazanamazana ndani adzamudziwe? Kungoti tsopano ndi katundu wovuta. Ndimati ndikupatseni thumba ndi theka la chimanga. Mwandiuza nokha, ndiye thumba limodzi."

Chimangacho chinali pa ngolo. Mabwato omwe ankawolotsa nandolo wathu kupita kutsidya ankabwerako ndi chimanga cha kumeneko, ndiye iye ankadya popita ndi pobwera.

"Matumba asanu, thumba limodzi?" anakuwa apongozi. "Ninji? Chiyani? Wakuba iwe! Mwana wanga anati osakhudza! Iwe mtsikana, akabwera ukamuuza chiyani? Pakamwa pako ndi pamene patidyera theka lija!"

Ine ndinali ndi funso langa, limene linandikhala pakhosi kuyambira tsiku lopopera lija. "Achimwene, kumeneko amamusendadi khungu? Amatsuka?"

"Mayi, ine nyanja sindinaionepo. Ndimathera padooko la Shire."

"Amadya ndi ana omwe?"

"Akuti ndi ndiwo zawo za tsiku ndi tsiku, makamaka osauka. Nanga mukugulitsa kapena mukufunsa mayeso? Ng'ombe zikupsa ndi dzuwa."

Mwana anali pamphasa, atatsamira thumba lapansi, mutu utapendekera kumbali chifukwa khosi linkatopa. Ndinaganiza za mayi wina amene sindidzamuona, akutapa kapu ziwiri. Ndinaganizadi, sindikudzikometsera, koma ndinaganiza kanthawi kochepa kwambiri, kosakwana kumeza malovu.

"Tengani," ndinatero. "Koma muwonjezere beseni limodzi la nandolo amene mwagula kwa anzathuwo. Wofumbwa uja."

Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Chiyambire ntchito imeneyi sindinaonepo! Kupereka wosalala, kupempha wa mabowo! Agogo, mtengwa wanuyu munamutola kuti?"

"Kwa Kasisi," anatero apongozi, n'kulavula. "Kulibe nzeru kumeneko." Koma sanaime pakhomo kutsekereza. Anapita kukakhala kuseri.

Ndinathandiza ndekha kukhuthulira nandolo wathu m'masaka a Chipwitikizi aja, ndinagwira kukamwa kwa saka iye akuthira, fumbi lake likundilowa m'maso. Anasoka, anakweza pa ngolo, anatsitsa thumba la chimanga ndi beseni la nandolo wakuda ndi anankafumbwe, ena akuyenda m'mphepete mwa beseni. Foni yaikulu inalira ali pabwalo pathu, anaimirira nayo chapatali. Kenako ngolo inalowera njira ya kumtsinje.

Mwamuna wanga atabwera mu Febuluwale sanandimenye. Anaima pakhomo la chipinda kuyang'ana miyala ija yopanda kanthu, anali atamva ku Nchalo mtengo umene nandolo ankagulidwa kutsidya, ndipo anakhala masiku ambiri osandiyankhula, chakudya ankalandira kwa amayi ake. Kusikelo ya mwezi umenewo kalamba kanali pachikasu pomwe, koma kufiira kunali kutatalikirako pang'ono. Zimenezo ndi za pambuyo.

Tsiku lomwelo ngolo itangopita ndinayanika nandolo wofumbwa uja padzuwa kuti tizilombo tithawe, kupeta, kukazinga, kusinja, kusefa. Kenako ndinamasula thumba la chimanga kuti nditapeko cha kuchigayo. Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono n'kutulutsa. Chimanga choyera, cholimba, chokolola chaka chatha, chosungidwa kutsidya kotentha ngati kwathu konkuno, mwezi wa Januwale, ndipo chopanda bowo. Ndinatapa pakati, ndinatapa pansi, ndinaika khutu pa thumba. Zii. Ngakhale nankafumbwe mmodzi.

Ndinanunkhiza. Sindinadziwe. Ndinaitana apongozi, ananunkhiza, anati iwo fodya anawapha mphuno kalekale. Kutsidyako amalimanso thonje, ndi abale awo omwe, mipope yake ndi yomweyi. Mwina mwini wake anagula mankhwala oyenera. Mwina anaima pabwalo pake n'kuuza mkazi wake kuti ichi n'chogulitsa, chikupita ku Malawi.

Panalibe wofunsa, panalibenso china chosinthanitsa. Ndinachitsuka madzi atatu, ndinachiyanika, m'mawa ndinapita nacho kuchigayo. Ndinaphika phala lopyapyala, kuthiramo ufa wa nandolo masupuni awiri ndi kamchere. Ndinamukhazika pamiyendo panga moyang'anana nane kuti ndizimuona maso. Ndinauzira supuni, iye anali atayasamula kale.